Anadula mawu a bambo anga, nkusiya woledzera akuvina

Inu ojambula mavidiyo a zinkhoswe, ndani anakuuzani kuti mawu a munthu wamkulu ndi zinyalala?

Chaka chatha pa chinkhoswe changa ku Mtakataka tinaitana bambo wina wa situdiyo ya pa Golomoti. Tsikulo abambo anga anaimirira ndi ndodo yawo nkulankhula nthawi yaitali. Anatchula makolo athu mmodzimmodzi, kumene anachokera, mmene anatsikira kuphiri kudzakhala kuno kuchigwa. Anthu onse anatchera khutu. Kamera inali pamaso pawo, ndinaona ndi maso angawa.

Vidiyoyo anatipatsa pa memore khadi. Foni yanga inali itafa, ndiye ndinangoisunga m'chikwama. Abambo anatisiya dzinja lapitali. Titachoka pamaliro ndinabwereka foni ya achimwene kuti ndimveko mawu awo.

Abale inu! Chinkhoswe cha tsiku lonse chatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Abambo akungooneka pang'ono, milomo ikuyenda, pamwamba pake wojambula uja waikapo nyimbo ya chikondi. Koma woledzera wina amene sitinamuitane nkomwe akuonekamo katatu, akugwedeza chiuno.

Lolemba ndinakwera kabaza mpaka ku situdiyoko. Ndinafika 9 koloko, anandikhazika pabenchi mpaka dzuwa pamutu, ati akuikira anthu nyimbo m'mafoni. Nditafotokoza sanachite nkomwe manyazi. Akuti masiku ano anthu safuna vidiyo yaitali, yaitali siyenda pa foni. Akuti madala aja amachedwa kulankhula, oonera akanatopa. Ndinati chabwino, ndipatseni yonse yosadula ija. Anakanda m'mutu, ati anaifufuta kalekale kuti apeze malo a ukwati wina.

Kenako, osandiyang'ana nkomwe: "Koma mayi, zofunika zonse zilimo."

Zofunika kwa ndani? Munandifunsa? Anakutumani ndani kuti mundisankhire chofunika pa chinkhoswe changa? Ndinalira pompo anthu akuona.

Amene mukukonza chinkhoswe, musalole kuuzidwa kuti yaifupi ndiye yabwino. Tengani yonse, yosadula, tsiku lomwelo wojambula asanakwere njinga yake.

Dzulo mphwanga anandifunsa dzina la agogo aakazi amene anatsika kuphiri aja. Ndinabwereza vidiyo ija, ndikuyang'anitsitsa milomo ya abambo, mwina ndingaligwire. Nyimbo yokhayokha. Dzinalo palibe akulidziwa kwathu.