Ndinasainila Mlamu Wanga Ndikudziwa Kuti Sawelenga

Ndinachimwa ndi bolopeni, ndipo ndinachita dala. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo anthu a ku Kaumbwe amati sindidziwa kukwiya. Sadziwa zimene ndinasunga mumtima zaka zinayi.

Mkazi wanga atamwalila, mlongo wake, aSakala, anabwela sabata isanathe. Anatenga ana anga aakazi awili ndi ng'ombe ziwili zolimila, nati kwathu kuno ana ndi a kuchikazi. Ng'ombezo ndinazipeza ndi thukuta langa m'munda wa thonje. Ndinkapemphela, koma pemphelo langa linali lakuti Mulungu amugwetse munthuyu ine ndikuona.

Chaka chatha kunabwela maphunzilo a kasamalidwe ka ziweto. Amai amene ankaphunzitsa anandipempha kuti ndiwathandize, popeza kale ndinaphunzitsako sukulu. Iwo akamaonetsa kupopela ng'ombe mankhwala a nkhupakupa, ine ndinkaphunzitsa zilembo ndi manambala pa botolo la mankhwala lomwelo. Lamulo linali lakuti munthu asapite ndi botolo ndi pampu kwawo asanawelenge muyezo pamaso panga, ine n'kusaina.

ASakala nawonso analembetsa. Tsiku loyesa anaima kumbuyo kwa anzawo, khutu lili tchelu. Atafika pa ine anatchula muyezo bwinobwino, koma chala chawo chinkaloza mawu ena, kutali ndi manambala. Ndinaona. Ndikanatha kuwauza kuti akhaleko sabata ina tiphunzile. Iwo anaseka nati, "Sainani alamu, kapena mukali kulila ng'ombe?" Ndinasaina. Ndinkafuna kuti akalakwitse, mudzi wonse uwaseke.

Patapita mwezi zimene aSakala anangoloweza zija zinauluka. Anathila mankhwala mongoyelekeza, nati akachuluka ndiye agwila bwino. Ng'ombe zonse ziwili zinagwa, thovu kukamwa, mpaka kufa. Sindikunamizani, inu owelenga: uthenga utandipeza ndinapalasa njinga ndikuimba nyimbo yoyamika, kuti ndikaone nkhope yawo.

Ndinaiona, ndipo inandikoma. Koma kuseli kwa khola ndinapeza mwana wanga wamkulu, Tamala, akusanza, maso ali psuu. Ndiye anasenzetsedwa pampu. Anagona m'chipatala ku Petauke masiku asanu. Anachila, koma mvula itagwa iye ndi mng'ono wake analima munda wonse wa amalume awo ndi makasu, sukulu n'kujomba temu yathunthu.

ASakala sindinawakhululukile, ndipo Mulungu akudziwa kuti ndikali kulimbana nazo. Tamala sindinamuuzebe zimene ndinachita.

Inu amene mwapatsidwa udindo wophunzitsa akuluakulu kuwelenga pamodzi ndi luso la manja, musadutsitse munthu wongoloweza, kaya ndi bwenzi kaya ndi mdani. Ngati muli naye mlandu, pitani nawo ku bwalo anthu akuona. Mdani wanu sakhala yekha pakhomo pake, ndipo amene amatumidwa kugwila ntchito yoopsa nthawi zambili ndi mwana wamasiye.