Mayina Amene Aphunzitsi Safufuta

Aphunzitsi achikulire oyandikana nafe kuno ku chilumba cha Nukufetau safufuta dzina la mwana aliyense m'kalasi lawo la pa intaneti. Mabanja akusamukira ku mzinda wa Auckland, kutsidya kwa nyanja, poti madzi amchere akuwononga minda, koma Lolemba lililonse iwo amatumizabe ntchito kwa ana onse, otsala ndi opita omwe. Ahedi akawadzudzula, amangoti, "Kukwera sitima si kumwalira ayi, bambo."

Mwezi watha aphunzitsiwo anandiitana pampanda, akundikodola ndi foni yawo mwachimwemwe.

"Mwanawe, thamanga! Tealofi, mwana wasukulu anasamuka uja, wayankha, patatha zaka zitatu! Tandiwerengera, magalasi ndaiwala kusukulu."

Ndinawerenga chamumtima: "Pepani, kodi ndinu ndani?"

"Akuti chiyani mwanayo?"

"Akuti wakusowani kwambiri," ndinanama.

Tsiku lomwelo anamutumizira masamu ena khumi.