Chitsulo cha Kuseri kwa Mpanda

Galimoto yathu inafika ku Lilongwe ili ndi chilema. Boma litayamba kusamutsa maofesi kuchoka ku Zomba, ife tinali m'gulu la oyamba kulongedza. Katundu anatsogola pa lole, ife tikutsatira pambuyo pa kagalimoto kathu kakale. Titapitirira Ntcheu tinagwera m'dzenje, phokoso lake ngati tagunda mbuzi. Potsika tinapeza kachitsulo kogwira nambala ya kutsogolo kathothoka, nambalayo ili gone pamsewu. Amuna anga anaitola, anaipukuta ndi mpango wa m'thumba, n'kuiyedzamiritsa pagalasi la kutsogolo cha m'kati. Inakhala pomwepo miyezi ndithu. Ndikati, "Inu, simukakonzetsa kodi?" yankho linali lomwelo: "Ndikonza ndekha." Anali munthu wabwino, mzimu wawo uwuse mumtendere, koma anali ndi matenda odziyesa mmisiri.

Tinapatsidwa nyumba ku Area 10, yomalizira mumsewu wake. Musaganize za mipanda ya njerwa mukuiona leroyi. Nthawi imeneyo kunali fumbi lofiira, zitsa ndi milu ya miyala. Kuseri kwa mpanda wathu wa waya kunali malo omwe makatapila anagwetsa mitengo n'kuwasiya choncho, udzu n'kumeranso.

Tisanamalize n'komwe kumasula mitolo, pageti panafika bambo wachikulire, chipewa chili m'manja, kufuna ntchito ya m'maluwa. Anthu ankati gadeniboyi, koma ine pakamwa pankandilemera kutchula munthu wa imvi kuti boyi, ndiye ndinkangoti madala. Chinandidabwitsa n'chakuti a nyumba yoyandikana nafe anali atawaitana kale, iwo n'kukana, ati akufuna pano basi.

Chifukwa chake ndinachidziwa tsiku lina ndikuyanika zovala. Ndinawaona ataima kunja kwa waya, pakati pa udzu, chipewa avula, milomo ikugwedera. Atabwerera ndinawafunsa chomwe ankachita kumeneko.

"Mayi, pano panali kwathu," anatero. "Pamene pali khitchini yanupa panali khola la mbuzi zanga. Uko kunali manda. Amoyofe anatisamutsa, enawo anatsala."

Anandilozera ndili m'kati mwa mpanda. Mutu wa chitsulo chadzimbiri unkasuzumira pamwamba pa udzu. Kale unali mtanda, anatero, koma katapila anathyola chopingasa chake, kutsala choimiriracho. Pansi pake panagona akazi awo. Mitumbira yonse inali itasalazidwa, moti chitsulocho ndiye chokha chinkanena kuti munthu ali apa. Ana awo, ena kumigodi ena kumaesiteti a fodya, anali atagwirizana kubwera mvula isanagwe kudzamanga chiliza, kuti omanga nyumba akadzafika adzapalambalale.

"Koma abwana musawauze, mayi. Ena akamva za manda pafupi ndi nyumba amayamba n'kuthamangitsa wantchito."

Sankanama. Amuna anga ankaopa maliro koopsa. Akangoona masamba atayalidwa pamsewu ankayamba thukuta, chiwongolero kuchigwira ndi manja onse awiri. Akanamva, tikanagona pa lole usiku womwewo. Ndinatseka pakamwa.

Chilimwe chitafika, udzu wa kuseri uja unapsa. Amene anayatsa sitinamuone, koma tonse tinkadziwa kuti ndi okumba mbewa, chifukwa m'mawa mwake anali mbwee ndi makasu awo. Sabata yomweyo amuna anga anaimitsidwa ndi wapolisi wa pamsewu pafupi ndi mlatho wolowera ku Old Town. Anawauza kuti nambala si chithunzi cha ukwati choika pagalasi, ndipo akadzawapezanso choncho galimoto idzagona kupolisi. Anabwera kunyumba atatupa.

Loweruka madala anapita kumudzi wawo watsopano, kunali msonkhano wa mpingo. Ine ndinkapita kumsika, ndiye ndinati kwa amuna anga, "Inu, kumsika kuja kuli anthu okhoma zidebe ndi mbaula, kachitsulo ka nambalaka akupangirani muli chiimire."

"Iwe ungondigulira mabawuti. Chitsulo ndipeza ndekha."

Mabawuti ndinagula, kwa bambo wina woyala misomali ndi maloko pa chiguduli. Kuti ndifunse kuti chitsulocho achipeza kuti, sizinandifikire m'mutu ngakhale pang'ono.

Pobwerera ndinamva kulira kwa sowo ndikadali kumsewu. Amuna anga ndinawapeza avula shati, atsala ndi vesiti, thukuta lili kamukamu. Anali atadula kale zidutswa ziwiri zofanana, atazipala dzimbiri mpaka kuwala. Chilichonse anachigoneka pamphepete pa sitepe ya khonde n'kuchimenya ndi hamala kuti chipindike ngati chigongono, mbali ina yogwira kubampala, ina yogwira nambala. Sitepeyo inabenthuka, koma tsiku limenelo sindinalankhule.

"Tagwira apa," anatero. Ndinaika dengu pansi, ndinagwada, ndinagwira. Inde, ndi manja anga awa. Iwo ankazunguza chiboolero cha pamanja chobwereka kwa mnzawo wa kuofesi, tizinyenyeswa ta chitsulo tikugwera pachitenje changa. Kenako anadula timagawo ta chubu chakale cha tayala n'kutiika pakati kuti nambala isamachite phokoso, anamanga mabawuti ndi sipanala, n'kupaka penti wakuda wotsala pa mafelemu a mawindo. Ataimirira n'kubwerera m'mbuyo, nanenso ndinaona kuti chinthucho chawongoka. Chikwatirane chathu, aka kanali koyamba kuti apange kanthu kosapendekeka. Ndinachita kuwaimbira nthungululu yowaseka.

"Amisiri, chitsulo chabwino chotere mwachipeza kuti?"

"Kuseriku," anatero akupukuta m'manja. "Oyeza malo aja amangosiya zikhomo zawo paliponse. Koma chinalimba bwanji! Ndachita kugwedeza mpaka msana kuwawa."

Nthungululu inandithera pakhosi. Ndinayang'ana pansi. Chidutswa chotsala chinali pomwepo pafupi ndi tayala, chadzimbiri, ndipo cha kumutu kwake kunali kabowo kakale pomwe panali chopingasa chija.

"Mayo ine! Mayi wanga ine! Inu, mwazula manda!"

"Manda ati?"

"Manda a akazi a madala! Umenewo ndi mtanda! Mwadula mtanda ndi sowo, mwaukhoma pagalimoto, ine n'kumakugwirirani!"

Chopukutira m'manja chinagwa. Amuna anga anakhala pansi padothi, osati pasitepe, padothi penipeni, n'kumayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. Kenako anati, "Bwanji sunandiuze?" Ndinawayankha kuti bwanji iwo sanafunse, kodi chilichonse chozikika pansi n'chawo? Tinakalipirana pang'ono, koma mantha anali aakulu kuposa mkwiyo. Ndinawakoka dzanja, tinathamangira kuseri kuti tikabwezere chotsalacho pamalo pake.

Titadutsa waya ndinaima chilili. Malo onse anali bii, phulusa lokhalokha, ndipo paliponse panali maenje a okumba mbewa, lililonse ndi kamulu kake ka dothi lofiira pambali. Apa dzenje, apo dzenje, mpaka kutsidya. Onse ofanana.

"Munazula pati?"

Analoza apa. Anayenda pang'ono, analozanso apo. Kenako anati ayi, mwina uko, chifukwa pozula anali atafulatira nyumba. Ine ndinali nditangochionera patali, udzu usanapse, ndipo popanda udzu malowo sankaoneka ngati omwe ndinawaona. Tinagwada, tinapisa manja m'maenje kufuna la pakamwa papang'ono, longa pochoka chitsulo. Tinapeza angapo otero, motalikirana.

Pamenepo amuna anga ananena chinthu chomwe chinandiwiritsa magazi. Anati, monong'ona, "Tingozika paliponse. Adziwa bwanji?"

"Mwati chiyani? Mukufuna ana a eni achoke kumigodi adzalirire pa una wa mbewa? Manyazi mulibe?"

Anawerama. Ankadziwa monga ndinkadziwira ine kuti manda a pamudzi amakhala ogundizana. Ukaphonya pang'ono wamanga chiliza pa munthu wa banja lina, ndipo umenewo ndi mlandu woti sungauthe. Madzulo amenewo anamasula mabawuti aja, nambala inabwerera pagalasi. Lamulungu kutchalitchi sindinamve ngakhale mutu wa ulaliki.

Lolemba m'mawa madala anafika. Tinali titapangana kuwadikirira pageti, koma iwo anazungulira cha kunja monga ankachitira akachoka kumudzi, kuyamba apereka moni kuseri. Tinawaonera pawindo la kukhitchini. Anavula chipewa akuyenda, anafika chapakati, anaima. Anatembenuka. Anapita kumanja, anabwerera, anayang'ana nyumba yathu, anayang'ana pansi. Anayamba kupalasa phulusa ndi phazi, kenako ndi manja. Munthu wamkulu kukwawa ngati mwana wotaya ndalama ya mchere. Ndinalephera kupirira, ndinakankha amuna anga pamsana.

Amuna anga anatuluka atavala za kuofesi, tayi ali pakhosi, atanyamula zidutswa zitatu zija pa nsalu yanga. Atafika anagwada m'phulusamo, ndi buluku lawo loyera lositidwa bwino. Anafotokoza zonse: za wapolisi, za nambala, za chikhomo cha oyeza malo. Sanabise kanthu, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero.

Madala anatenga zidutswazo. Anayang'ana ziwiri zopindika, zakuda ndi penti, zamabowo atsopano. Anayesa kuzilumikiza ndi chadzimbiri chija, osagwirizana. Ine ndinkafuna atukwane, atimenye, aitane mudzi wonse. Zikanandipepukira. Koma anangoyang'ana maenje onse aja, limodzilimodzi, n'kufunsa mwaulemu ngati akufunsa poika maluwa:

"Ndikachizike pati, bwana?"



Ana awo anabweradi mvula isanagwe, ndi akuluakulu a kumudzi. Simenti anabwera nayo pa ngolo. Anayenda pamalopo tsiku lonse, wina akuti apa, wina akuti ayi apo ndi pa malume ake a uje. Madalawo ankadziwa dera lake, koma kuti aloze n'kunena kuti mutu uli apa, miyendo apa, anakana, ati sangaike mwala pa munthu yemwe sakumudziwa. Ngolo inabwerera ndi simenti yake. Mwana wawo wamkazi podutsa pageti pathu anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo diso limenelo ndimalionabe.

Mwezi utatha madala anatsanzika. Amuna anga anawachonderera kuti akhale, iwo anati chomwe ankakhalira pano palibenso. Nambala ija anakaikonza okhoma zidebe a kumsika, ndi kachidutswa ka mgolo, ife tili chiimire monga ndinanenera. Chaka chotsatira makatapila anabweranso kuseri kuja. Panamangidwa nyumba yaikulu, yokhala ndi kapinga wothiriridwa ndi paipi.

Zidutswa zitatu zija madala anazisiya pakhonde pathu, zitakulungidwa bwinobwino m'nsalu yanga. Amuna anga, munthu woopa maliro uja, anakana kuzitaya. Kulikonse komwe tinasamukira tinapita nazo. Iwo anatsogola, ine ndakalamba, ndipo zitsulozo zili m'sutikesi pansi pa bedi langa. Adzukulu akafunsa kuti n'za chiyani ndimangoti n'za galimoto ya agogo anu. Nanenso sindidziwa kuti ndikazizike pati.