Mthunzi Usanafike Pachulu

Amene analipo tsiku limenelo ndi awa. Panali Che Amidu mlonda, amene anabwera ku nkhondo khutu limodzi litagontha. Panali Sitefano, khukhi wa kunyumba yaikulu. Panali Bwana Chimimba, mwini esiteti ya fodya kumene tinkagwira ntchito kufupi ndi Balaka. Dzina lake lenileni linkatikanika kutchula, ndiye tinamupatsa loyenera thupi lake. Panali mwana wanga woyamba Damiano, atamera kale ndevu. Ndiye panali ine, Fabiano wa ku Nsanama, munthu amene ndikaitana mnzanga ndili kusiteshoni ankayankha ali kumsika. Enawo anali anthu a m'komboni, ataima kuseri kwa waya. Ambiri anagona kale, choncho nkhaniyi muimve kwa ine.

Ntchito imeneyo ndinaipeza ndi pakamwa. Chaka cha njala yaikulu chija ndinachoka kwathu, ndinawoloka Shire pa Liwonde, n'kumayenda esiteti ndi esiteti. Kufikira pamenepo ndinali ndisanalembedwepo ntchito ndi munthu. Pa esiteti imeneyi kapitawo anatibweza tonse pachipata. Pobwerera ndinaona bwalo lalikulu losalala, milongoti iwiri italiitali mbali iyi, iwiri mbali inayo, ndipo ng'ombe za eni zili m'katimo zikudya. Mzungu wonenepa ankazithamangitsa ndi chipewa, izo osamuyang'ana n'komwe. Ndinakuwa kamodzi kokha ndili kumsewu. Ng'ombe zinatuluka michira ili m'mwamba.

Mzunguyo, amene anali Bwana Chimimba, anandikodola. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka koma chinkamveka. Anati, "Mawa bwera. Ng'ombe, mbuzi, ana, onse uzikuwa. Koma tsiku la mpira iwe ulibe pakamwa. Wamva?" Ndinavomera. Munthu wanjala savuta kuvomera.

Bwalolo linali la ragibi, mpira wa azungu umene ife tinkati mpira wa dzira chifukwa cha maonekedwe ake. Anthu amaganiza kuti kusamala bwalo ndi kumweta udzu basi. Iyayi. Dothi la ku Balaka likauma limakhala ngati chitsulo, ndipo mpira umenewu ndi wogwetsana pansi. Ndinkatunga madzi m'migolo pangolo ya ng'ombe n'kumathira ndi chitini choboola pansi, kuyambira pakati pamene amakankhanirana. Ndinkayenda chokwawa kuzula minga ndi manja. Udzu ndinkamweta ndi chikwakwa chonola mbali zonse, kuti ukhale wofanana ngati mutu wometa. Mizere ndinkalemba ndi njereza yosungunula m'ndowa, nditakoka chingwe pa zikhomo, ndipo mzere wanga sunakhotepo. Milongoti ndinkaipaka phula kunsi kuopa chiswe. Mpira weniweniwo unali wachikopa, wa chubu m'kati. Ndinkaupopa, kuumanga zingwe pakamwa pake, n'kuupaka mafuta a ng'ombe kuti usang'ambike.

Ukaima m'mbali mwa bwalo zaka zingapo ndi ndowa ya madzi, mpira umaudziwa ngakhale sunapite kusukulu. Amasewera anthu khumi ndi asanu mbali iyi, khumi ndi asanu mbali inayo. Mpira saponyera kutsogolo, amaponyera kumbuyo, koma munthuyo amathamangira kutsogolo kuti akaugoneke kuseri kwa mzere wa adani. Pakalakwika kanthu, amuna asanu ndi atatu amagwirana m'mapewa, kuweramira pansi, n'kukankhana ndi anzawo ngati nkhunzi. Chimenecho amati sikiramu, ndipo m'pamene panali mphamvu ya azungu athu a m'maesiteti. Anali akuluakulu, makosi ngati mitondo. Kuthamanga sankatha. Alendo opepuka akabwera, poyamba ankatsogola ndithu, koma athu ankangowakankha, kuwagwera, kuwakankhanso, mpaka miyendo yawo itasanduka phala.

Wotchi ndinalibe, koma ndinali ndi mthunzi. Mpira unkayamba azungu akamwa tiyi wamadzulo. Mthunzi wa milongoti yakum'mawa ukafika pangalande, ankapumula n'kusinthana mbali. Ukafika pachulu chimene chinali kuseri kwa ngalandeyo, wezulo womaliza ankalira. Ndipo ndinaona kuti alendo onse amayamba kutopa mthunzi ukawoloka ngalande. Chimenechi ndinkachidziwa ndine ndekha pa esiteti yonse.

Anthu a m'komboni ankabetcherana kuseri kwa waya: fodya wa chingambwe, nkhuku, mpeni, kapu ya shuga. Mwambo wake unali wotere. Obetcherana ankapereka katundu wawo kwa Che Amidu, n'kugwira onse awiri ndodo yawo yaulonda, aliyense n'kunena mbali yake. Ukagwira ndodo, basi, palibenso kubweza mawu. Che Amidu eniakewo sankabetcha. Ankati, "Juga ndi haramu, ine ndimangosunga katundu wa anthu opusa." Ine ndinkadya nkhuku za anthu mpaka ena anayamba kundithawa.

Tsono kunamveka kuti kukubwera anyamata a m'maofesi a ku Limbe. Sitefano anandipeza ndikusungunula njereza.

"A Fabiano, madala anu aja akalamba. Loweruka lino awasambitsa."

"Iwe umadziwa kukazinga mazira," ndinatero. "Dzira ili ndi la ine."

"Ikani kanthu kooneka tsono, osati nkhuku zachitopa. Ine ndiika makina."

Sitefano anali ndi makina osokera a pamanja amene dona wina anamusiyira popita kwawo. Ine mtima wanga unali pa makina amenewo kuyambira kale, osati chifukwa cha ine, koma Damiano. Mnyamatayo ankagula matemba ndi milamba youma ku Chiuta, kumanga dengu panjinga, kudzera ku Ntaja ndi ku Liwonde mpaka kumsika wa Balaka. Ankafika maso atalowa m'kati, milomo itang'ambika. Ndinkafuna akhale pakhonde la sitolo, azisoka malaya ngati munthu. Komanso anali atapeza mbeta ku Ntaja, ndipo akuchikazi ankamudziwa kuti ndi mnyamata wa njinga. Njinga imeneyo tinaigula tonse, malipiro anga ndi nsomba zake. Kanthu kena kofanana ndi makina tinalibe.

Sindinaibe njingayo. Ndinamufunsa mwini wake.

"Ababa, mukutsimikiza?"

"Kodi unamvapo kuti ndadyedwa?"

"Iyayi."

Anaikankha yekha mpaka kukanyumba ka Che Amidu, n'kuiimika pafupi ndi makinawo. Ine ndi Sitefano tinagwira ndodo. Ndinanena mokweza, komboni yonse ikumva: "A pa esiteti apambana!"

Sabata imeneyo bwalo ndinalikonza ngati mudzagona mfumu. Udzu wam'mbali ndinaumweta waufupi kuposa masiku onse, chifukwa Bwana ankafuna kuti alendo aone.

Loweruka sitima inafika, koma munatsika anyamata ochepa, osakwana ndi khumi omwe. Ena akuti malungo, ena anakanizidwa kuntchito. Azungu anaima pakati pa bwalo, kukambirana, kuseka, kugwirana chanza. Bwana anadutsa pamene ndinaima n'kunena kuti, "Lero seveni-seveni, Fabiano." Athu ena anavalanso majekete n'kukakhala pamipando.

Asanu ndi awiri mbali iyi, asanu ndi awiri mbali inayo, bwalo lomwe lija. Mpira wotere ndinali ndisanauonepo. Ndinawerengera m'mutu: anthu achepa, bwalo silinachepe, ndiye kuti tianyamata iti tithamanga kawiri kuposa kale, titopa mthunzi usanafike ndi pangalande pomwe. Ndinayang'ana kuwaya. Damiano ankandiyang'ana. Ndinadziguguda pachifuwa kuti aone. Sitefano anali pakhonde la khitchini akupukuta mbale imodzi yomweyo.

Wezulo analira. Sikiramu yoyamba inali ya anthu atatu okha, ndipo isanakhazikike n'komwe mpira unali utatuluka kale. Alendo anauponyera kwa kamnyamata kawo kowonda ka tsitsi lofiira. Kanathamanga m'mbali, paudzu wanga womwe uja, kudutsa pamaso panga ngati gwape, athu ali phuphuphu kumbuyo. Kanagoneka mpira. Posakhalitsa kanagonekanso. Kachitatu anagoneka mnzake. Ine osatekeseka. Ndinali nditaziona zimenezi kambirimbiri. Ndinakweza dzanja kwa Damiano kuti dikira.

Wezulo analiranso, onse n'kuima. Ndinathamanga ndi ndowa poganiza kuti wina wathyoka. Panalibe wothyoka. Ankamwa madzi n'kumasinthana mbali. Ndinacheuka: mthunzi unali usanayandikire n'komwe ngalande. Lamulo la pakamwa ndinaliswa, koma monong'ona.

"Bwana, mwasinthana msanga bwanji?"

Anali wefuwefu, nkhope ili psu. "Mpira wa seveni waufupi, Fabiano. Theka latha. Madzi!"

Ndowa ija inandilemera ngati muli miyala. Theka lonse, nthawi yosakwana kusuta ndudu ziwiri! Ndiye kuti latsala ndi lomwelo. Ndinabwerera pamalo panga m'mbali mwa mzere. Kupita kwa Che Amidu sikukanatheka, ndinali pantchito, ndipo ndodo ndinali nditagwira kale. Kuwaya sindinayang'anenso.

Chimene ndinkafuna ndi kukuwa. Ndinkaona bwinobwino choyenera kuchita: athu augwire mpirawo, aukumbatire, ayende nawo pakati pamene ndinathira madzi, asaumenye kutali kumene kuli kamnyamata kaja. Mawu anga akanafika m'khutu mwa aliyense wa iwo. Mawu omwe aja anatulutsa ng'ombe. Koma ndikanakuwa, Lolemba ndikanakhala panjira ya ku Nsanama ndi mkazi ndi ana ang'ono atatu. Ndinaluma chingwe cha mpira chimene chinali m'thumba mwanga mpaka chinaduka.

Chondipweteka mpaka lero n'chakuti sindinalakwitse. Chakumapeto athu anazindikira okha. Anaukumbatira, anakankha, Bwana Chimimba anagwera kuseri kwa mzere anthu awiri atamukangamira kumsana. Ndinaona kamnyamata kofiira kaja katawerama, manja pamaondo, kakusanza madzi. Anali atayamba kutha! Akanangotipatsa mpira wathu wa masiku onse, tikanawapondaponda. Pomwepo wezulo analira katatu, mpira n'kutha alendo atapambana.

Azungu anaombera m'manja, kusekerera. Kwa iwo sichinali kanthu. Anasakanizana, athu ndi alendo, n'kuyamba mpira wina wongocheza, ine n'kumathamangabe ndi ndowa, kutola mpira m'tchire, kuupukuta, kuupereka ndi manja awiri.

Atapita kukamwa, ndinafika kwa Che Amidu. Anthu anali atazungulira kale.

"Che Amidu, ine ndinabetcha mpira wa anthu khumi ndi asanu! Uwu si mpira umene tinagwirira ndodo!"

Anatembenuza khutu lawo labwino. "A Fabiano, munanena kuti a pa esiteti apambana. Komboni yonse inamva, ngakhale khutu langa lakufali linamva. Za chiwerengero simunatchule."

Sitefano kupalasa sankadziwa. Anaikankha njingayo kupita nayo kukhitchini, akuliza belu njira yonse. Ena amati lamya yonena za kuchepa kwa alendo inafika kunyumba yaikulu kusanache, ena amati masiku angapo m'mbuyo, iye akuperekera chakudya patebulo. Sindikudziwa. Ndinamufunsa kamodzi, anangoseka.

Damiano anasenza dengu la nsomba pamutu mpaka dzinja linadutsa kawiri. Mbeta ya ku Ntaja inakwatiwa ndi telala. Ine ndinakhalabe pabwalo lija mpaka Bwana anagulitsa esiteti, ndipo mpira wa asanu ndi awiri ndinadzauonanso kangapo mpaka kuudziwa: ndi wa miyendo, pamene wa khumi ndi asanu ndi wa khosi ndi kupirira. Dzira ndi lomwelo, bwalo lomwelo, koma ndi mipira iwiri yosiyana. Anyamata amene mumabetcha masiku ano, musagwire ndodo ya munthu osewera asanalowe m'bwalo. Awerengeni kaye, mufunsenso kuti asewera mpaka liti. Ine ndinawerenga anthu, nthawi sindinafunse, chifukwa panalibe amene akanandiuza kuti dzuwa nalonso azungu amalidula.

Madzulo a tsiku lija ndinazula mbendera zam'makona, kukulunga chingwe, kutsuka ndowa. Damiano analowa pansi pa waya n'kundithandiza kunyamula zikhomo. Ine amene anthu ankandipempha kuti nditsitse mawu, ndinasowa ngakhale limodzi. Tikutuluka m'bwalo iye anaima, n'kuloza ndi chikhomo kuseri kwa ngalande.

"Ababa, taonani, mthunzi wanu uja wafika pachulu. Bwenzi pano anthu anu akupambana. Tiyeni mukandibwereke nsapato zanu zamatayala zija, ku Chiuta n'kutali."