Chidole cha Mwana Wanga Chinayamba Kundiitana

Mukhoza kunena kuti ndi nkhambakamwa, sindingakuletseni, koma zimene ndikukuuzanizi zinandionekera ine mwini, masana dzuwa lili paliwombo, ndipo ena mwa amene analipo akadali moyo ku Chipoka. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipanicho, ndipo ine ndinali wokonza mawailesi m'kachipinda kanga kufupi ndi njanji.

Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wa zaka zitatu. Malume ake pochokera ku migodi ya ku Joni anamubweretsera chidole cha mabatire, choti ukachifinya pamimba chinkaseka kenako n'kunena kuti bayibayi, basi, mawu ake anali omwewo. Mwanayo ankachibereka ndi kansalu tsiku lonse. Malungo atamutenga, amake analephera kukhala m'nyumba muja, anapita kwawo ku Chinguluwe nati akapume kaye, ndipo zovala zonse za mwana anatenga. Chidole chokhacho ndinachibisa m'bokosi la zipangizo zanga. Musandifunse chifukwa chake, nanga munthu wofedwa amadziwa zimene akuchita?

Miyezi inapita, amake mwana osabwera. Ndinkakonza mawailesi a anthu kuti kwawo kuzimveka phokoso, ine kwanga kuli zii, ndipo ndinkasungulumwa mpaka kumayankhula ndi sikuludiraiva. Tsiku lina ndinachitulutsa chidole chija ndipo ndinapeza mabatire ataolera momwemo. Ndinachitsegula kumsana, n'kuikamo atsopano, ndipo poona kadothi pa kabolodi kobiriwira kam'kati koyendetsa magetsi, ndinanyowetsa chala ndi malovu kuti ndipukute, monga timachitira tonse a ntchito imeneyi. Chala chitangokhudza, chidole chinayankhula, koma mawu ake anatsika n'kukokeka, ndipo bayibayi uja anatuluka wautali, wolemera: baaba.

Mwana wanga ankandiitana choncho, baba, poti ulemu wonena kuti ababa anali asanauphunzire.

Monga mmisiri ndinkadziwa ndithu kuti malovu amadutsitsa magetsi, ndiye ndinali nditangochedwetsa mawu a chidolecho. Koma mutu kudziwa n'kwina, mtima n'kwina. Ndinayamba kufufuza malo onse a kabolodi kaja, n'kuwotcherera timawaya, n'kutilumikiza ku misomali isanu ndi umodzi imene ndinakhoma pathabwa. Ndinawonjezera sipika ndi chopotokolera mawu za wailesi yakufa. Ukagwira misomali iwiri ndi zala zonyowa chinkalira ngati mwera ukuwomba m'malata, ina iwiri kuseka kuja kunkasanduka ng'oma, moti ndinkatha kuimba nacho nyimbo zoti palibe anazimvapo. Koma nyimbo iliyonse ndinkaimalizira pa misomali ya kumapeto, ija yoti baba. Ndinasiya kucheza ndi anthu, ndipo masana ndinkatseka chitseko makasitomala akugogoda.

Tsiku lina kunja kutatentha, chinyezi cha kunyanja chili tho, ndinakhoma chitseko n'kupita kukagula ndiwo, mabatire ndisanachotse. Pobwera ndinapeza mayi wina woyanika usipa, amene thandala lake linali kuseri kwa kachipinda kanga, ataima patali dzanja lili pakamwa. Nanenso ndinamva ndi makutu angawa, m'chipinda chokhoma, mopanda munthu, mawu akuitana mobwerezabwereza, baba, baba. Mwina chinali chinyezi pa misomali, mwina ayi, koma kiyi anandigwa m'manja kawiri.

Mukudziwa inu mmene nkhani imayendera padoko. Pofika mawa lake anthu onse ankati ndinakhwimira mwana wanga, ndinamusandutsa ndondocha, ndipo akuyankhula mokoka choncho chifukwa ndinamudula lilime. Ana ankathawa akandiona. Zonsezo ndikanapirira, koma nditamva kuti mbiriyo yafika ku Chinguluwe, ndinaopa chinthu chimodzi chokha, kuti amake mwana akhulupirira zoti ine ndinapha mwana wathu.

Lachisanu, anthu atangotuluka ku mzikiti, khamu linafika pakhomo panga, patsogolo pali atcheyamani a chipani a dera lathu, ndipo masiku amenewo atcheyamani akati tsegula sunkafunsa chifukwa. Kumbuyo kwawo ndinaona amake mwana, ataonda, maso ali pansi. Atcheyamani anati nditulutse mwanayo msangamsanga, apo ayi ndikafotokozera kutsogolo, kumene anthu sabwerako msanga. Ndinatulutsa thabwa lija, chidole chili chogona pamenepo, msana wotsegula, mawaya ali balala. Amayi ena anayamba kulira, ena kubwerera chambuyo, ndipo kunena zoona nanenso nditachiona padzuwa chinkaoneka ngati chinthu cha mfiti.

Ndinati ndiwasonyeza mmene chimagwirira ntchito, kuti ndi malovu chabe. Ndinaika chala pakamwa, koma m'kamwa munali gwa, mantha ataumitsa malovu onse. Ndinagwira misomali, chidole duu. Ndinagwiranso, duu. Wina kumbuyo anati taonani, chamukana mwini wake, ndipo ndinaona anthu akuwerama kutola miyala ya m'njanji.

Apo mpamene amake mwana anadutsa pakati pa anthu. Sanayankhule ndi atcheyamani, anayang'ana ine nati, motsitsa mawu, abambo ake mwana, chibwezereni mmene chinalili. Ndinadula timawaya tanga kamodzikamodzi, n'kutseka msana uja. Iwo anachinyamula n'kuchifinya pamimba. Chinaseka, kenako ndi mawu ake akale aja, oyera bwino, chinati bayibayi.

Amake mwana anauza khamulo kuti ichi n'chidole chimene achimwene awo anabweretsa, ndipo amuna awo si mfiti, ndi munthu wolira chabe. Miyala inagwa pansi, anthu n'kumwazikana. Titatsala awiri anandiuza kuti mwana wathu anatsazika kalekale, ndine amene ndinkapotokola mawu ake kuti asapite, ndipo iwo sangakhale m'nyumba imene maliro akukanizidwa kutha. Anakulunga chidole m'chitenje n'kukakwera basi. Sanabwerenso, ndipo ine sindinakwatirenso.

Lero sindikhulupirira kuti munali mzimu m'chidole muja, ngakhale za tsiku la chitseko chokhoma lija sindizimvetsa mpaka pano. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi yonse ija mkazi wanga ankalira yekha ku Chinguluwe, ulendo wa tsiku limodzi, ine ndili kalikiliki ndi misomali, osapita n'kamodzi komwe. Inu a luso la manja, tsegulani zidole, zilizeni mmene mungafunire, si tchimo ayi. Koma chinthu cha womwalira chikamakutsazikani, musachikakamize kukuitanani, dzukani mupite kwa amoyo akadakudikirani. Ine mwanayo anandiuza bayibayi kambirimbiri, ndipo ndinadzamumva tsiku limene amake ankanyamuka.