Pikapu imene inakhala pansi pa tenti

Senderani kuno, inu amene mumandifunsa chifukwa chake ndimasunga oyilo wakuda m'zigubu kuseri kwa nyumba. Khalani pansi mumve.

Amuna anga anagula pikapu yakale zipani zitangoyamba kuchuluka. Inali yoyera, chitseko cha kumanzere chinkatsegukira kunja kokha. Ntchito yake inali phiri: kukwera ndi feteleza wa alimi a kumtunda, kutsika ndi matabwa ndi mbatata ya kachewere. Kumtundako chifunga sichitha, ndipo matope ake ndi omata ngati phala.

Loweruka masana ankagona chagada pansi pake ndi ndowa ya madzi, kutokosa matope m'zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula galimoto yonse. Amakaniko amati chasisi, iwo ankati msana. Zikauma ankapaka oyilo wotha ntchito ndi chisanza chomanga ku nsungwi, monga timachitira ndi mitengo ya denga poopa chiswe.

"Malaya awa achapa ndani?" ndinkatero.

"Muchapa ndinu, mayi. Feteleza ndi mchere. Akakumana ndi madzi amadya chitsulo mwakachetechete."

Anamwalira mwadzidzidzi mvula itangoyamba, galimoto itapakiridwa kale matumba. Titachoka kumanda, akulu awo, alamu anga, anatenga kiyi. Anati katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka amalume awo abwere kuchokera ku Mozambique adzagawe. Eni matumba anadzatenga awo, koma ena anali atabooka, ndipo feteleza wotayikayo anatsala kumbuyo kwa galimoto. Nditatenga tsache, alamu anandigwira mkono.

"Lero tsache, mawa mugulitsa matayala. Isiyeni."

Tinaiphimba ndi tenti pomwepo pansi pa mango. Tentiyo inali yodontha.

Aliyense ku Mtiya ankadziwa kuti alamu akuifuna. Nanenso ndinkaifuna, chifukwa ana ankadya kuchokera m'galimoto imeneyo, ndipo mwana wanga woyamba, wamkazi, bambo ake anali atamuphunzitsa kuyendetsa. Koma amalume sankabwera. Mwina mwendo watupa, mwina mtsinje wadzaza. Dzinja linatha, lina linabwera. Udzu unafika m'zitseko, nkhuku zinayamba kuikira pansi pa chiwongolero. Ine ndinkakwera phiri wapansi, kutsika ndi nkhuni pamutu.

Amalume atafika, mlandu sunatalike. Nyumba ndi ziwiya zanga, galimoto ya alamu.

Alamu anabwera ndi wowotcherera zitsulo wa ku Chikanda kuti aione asanaikoke. Anthu oyandikana nafe anasonkhana. Munthuyo anakwawira pansi ndi nyundo. Atamenya koyamba, dzimbiri linayoyoka ngati makungwa ouma. Atamenya kachiwiri, nyundo inalowa m'kati.

Anatuluka akulavula. "Madala, mwagula kapena mwapatsidwa?"

"Ndi ya mng'ono wanga, malemu."

"Ndiye mulira kawiri. Msana wadyeka pamene pagwira masipuling'i. Mukaikweza phiri, inu mukafika pamwamba, matayala akumbuyo atsala m'tauni."

Anthu anaseka. Alamu anachotsa batire ndi wailesi, n'kuponya kiyi pakhonde panga.

"Alamu, ndakupatsani. Muziweta nkhuku zanu m'menemo."

Ndinatola kiyi anthu onse akuona, n'kumanga pa nsonga ya chitenje.

Atapita, ndinamufunsa wowotcherera uja ngati yafadi. Anati siinafe, koma moto sugwira pa dzimbiri, ndipo iye alibe masiku opala chitsulo cha munthu wina. Tikapala tokha, adzabwera.

Amuna a kutchalitchi anatithandiza kumasula bodi ya galimoto n'kuikhazika pa migolo. Msana unatsala poyera. Ine ndi mwana wanga tinayamba kupala, iye ndi burashi ya waya, ine ndi khasu lakutha lopanda mpini. M'kati mwa zitsulo tinkatulutsa matope osakanikirana ndi feteleza, owuma ngati njerwa. Fumbi lofiira linkalowa m'mphuno ndi m'tsitsi, moti amayi a kuchigayo ankati ndayamba kuumba mbiya. Tinapala mpaka chitsulo chinayera.

Wowotcherera anadula pofumbwa ponse, n'kuika zigamba za chitsulo chokhuthala mbali zonse ziwiri. Anatsegulanso timabowo ta pansi timene madzi amatulukira, popeza tinali titatsekeka. Tinapaka penti wofiira, atauma tinapaka wakuda. Pomaliza ndinakatenga nsungwi ya amuna anga imene inali ikadali padenga, ndipo oyilo ndinapaka ndekha.

Tsiku limene pikapu inakweranso phiri, alamu anaima pamsewu kuiyang'ana. Madzulo anapita kwa amalume kukadandaula, koma anthu amene anaona kiyi ikugwa pakhonde anali ambiri.

Amalume anabwerera kwawo, ndipo anamwalira konko. Alamu anagulitsa batire ija, wailesi anaisunga pa shelefu. Timakumana kumaliro, timapatsana moni. Wowotcherera anasamukira ku Liwonde, maso anayamba kumuvuta. Mwana wanga anaiyendetsa galimoto ija mpaka azing'ono ake onse anamaliza sukulu, ndipo pano ali ndi lole yake. Pikapuyo injini ndiyo inatopa. Msana wake anaugula mlimi wa ku Chingale, anapangira ngolo, ndipo ng'ombe zikuukoka mpaka lero. Ine oyilo ndimasungabe. Lole ikabwera kuno Loweruka, siichoka osapakidwa.