Ndinawotcha Maloboti Omwe Ankadzutsa Dzanja la Amuna Anga

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera. Dzanja lamanja la amuna anga linauma chifukwa cha ine. Matenda anabwera okha, inde, koma pamene dzanjalo linayamba kudzuka, ndine amene ndinalitsekera njira. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima zaka ziwiri, ndipo ndaona kuti kuli bwino ndiinene, mwina wina amene ali pomwe ndinali ine angayambe waganiza kaye.

Timakhala ku Senga Bay. Ine ndimagula usipa kwa asodzi, kuyanika pa thandala, n'kukagulitsa ku Salima. Amuna anga anali makaniko wa mainjini a maboti. Asodzi opita ku chilumba cha Mbenji ankawadalira kwambiri, moti injini ikangoyamba kutsokomola, mwini boti ankafika nayo pakhomo pathu atayimangirira pa njinga. Anali munthu wa zala zanzeru. Ankamasula injini yonse, kuyala tizitsulo take pa chiguduli, n'kubwezera kalikonse m'malo mwake uku akuseka ndi anzawo.

Tsiku lina m'mawa akumwa tiyi, kapu inawapulumuka, pakamwa panapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Patapita miyezi iwiri mwendo unayamba kumvera, mawu nawonso anabwerera, koma dzanja lamanja linkangolendewera ngati si lawo. Anawapatsa kampira koti azifinya tsiku lililonse. Iwo ankakafinya kawiri katatu n'kukaponya pansi pa mpando. Ankati ndi zachibwana. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana bokosi lawo la masipanala, osalankhula ndi munthu.

Amene ankawachititsa mafizo anali mayi wina wochokera kumpoto, amene muno ndingowatcha mayi Mhango. Anali wamng'ono kwa ine, wooneka bwino, ndipo ndinamva kuti sanali pabanja. Ataona kuti ulendo wa kuchipatala ukutivuta, anayamba kubwera okha kwathu Loweruka lililonse pa kabaza. Poyamba ndinkawayamikira, ndinkawapatsa ngakhale usipa wabwino woti akadye.

Loweruka lina anabwera ndi katoni yokongola. Pamwamba pake panali chithunzi cha loboti. Sindikunena maloboti a pamsewu aja a ku Lilongwe ayi, koma zimphona zachitsulo za m'mafilimu, zokhala ndi mutu, manja, mapiko ndi chimfuti. Atatsegula, munalibe chimphona chilichonse. Munali timafelemu ta pulasitiki, ndipo pa felemu iliyonse panali tizidutswa tambirimbiri tomatirira, tina tochepa ngati njere ya mpunga. Munalinso kabuku ka zithunzi ndi manambala, kolembedwa m'zilembo zachilendo zomwe sizinali ngakhale Chingerezi. Mayi Mhango anati mchimwene wawo amene amaphunzira kunja ndiye anawatumizira makatoni atatu, ndipo anaganiza kuti makaniko sangakane ntchito yolumikiza zinthu.

Sanalakwitse. Amuna anga anatenga kabukuko, n'kukayang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndiwapatse magalasi awo. Ntchito yake inali yodula kachidutswa pa felemu ndi kapulayala kakang'ono, kukapala m'mbali, n'kukalowetsa mu kanzake mpaka kamveke kuti tswa. Mayi Mhango anawalamula kuti dzanja lamanzere lizingogwira, koma lodula ndi lolowetsa likhale lodwalalo. Mkono umodzi wokha wa lobotiyo unawatengera sabata yathunthu. Thukuta linkachita kuyenderera, tizidutswa tinkagwa pansi ine n'kumatola. Koma sanataye mtima ngati mmene ankachitira ndi kampira kaja. Pakutha pa mwezi, loboti yotalika ngati botolo la fanta inaima pa kabati yathu, yoyera ndi yabuluu, maso ake obiriwira. Amuna anga anaseka, koyamba chidwalireni.

Inu owerenga, m'malo mosangalala, ine mtima unandipweteka. Ndine amene ndinkawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pamene anali chigonere, koma kuseka kwawo koyamba kunapita kwa chidole cha mkazi wina. Ndinayamba kuona zinthu zomwe kale sindinkaziona. Ndinaona kuti Loweruka amapempha malaya oyera. Ndinaona kuti mayi Mhango akamawongola zala zawo amagwira dzanjalo nthawi yaitali, mitu yawo itayandikana pa kabuku kaja. Ndinadzifunsa kuti, kodi odwala onse a m'boma la Salima amapatsidwa mphatso zochokera kunja? Nanga munthu angamawononge Loweruka lake pa mwamuna wa mwini popanda chimene akufuna?

Mafunso amenewa sindinawafunse amuna anga, sindinawafunsenso mayi Mhango. Ndinakawatula kwa mnzanga Asiyatu, amene thandala lake linayandikana ndi langa. Iye anasiya kutembenuza usipa n'kundiyang'ana.

"Wallahi, iwe ndiwe wogona. Masiku ano mankhwala sabweranso m'nsupa, amabwera m'katoni. Chidole chokhala ndi maso chikaikidwa m'nyumba mwako, ndiye kuti mwini wake akukuona. Nanga zilembo zakezo wawerenga kuti zikuti chiyani?"

Mawu amenewo anandilowa. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyilonda lobotiyo. M'mawa pochoka ndinkayisiya itayang'ana kukhomo, manja ali pansi. Pobwera masana ndinkayipeza itatembenukira kuchipinda chathu, mkono umodzi uli m'mwamba. Tsiku lina ndinayipeza itagwada bondo limodzi, mfuti italoza pa mpando womwe ndimakonda kukhala. Ndinayiphimba ndi kansalu, koma pobwera ndinapeza kansaluko kali pambali, maso obiriwira aja akung'anima ndi dzuwa la pawindo.

Loboti yachiwiri inatha m'masabata awiri okha. Inali yofiira, yowonda m'chiuno, ndipo ine m'maso mwanga inkaoneka ngati mkazi. Amuna anga anayiimika pafupi ndi yoyamba ija. Ndinati basi, awiriwa ndi iwowo, ine ndatsala kunja. Panthawiyi anali atayamba kugwira okha supuni ndi dzanja lodwala lija, koma ine ndinkati ndi mphamvu ya mankhwala omwewo, akuchira kuti akakhale a wina. Mukaona mmene maganizo oipa amagwirira ntchito, ndi mmenemo. Chilichonse chabwino chimene chinkachitika, kwa ine chinkasanduka umboni.

Katoni yachitatu inali yaikulu, ya tizidutswa tating'ono kwambiri. Amuna anga anali atamanga miyendo ndi chifuwa pamene mng'ono wawo anabwera Lachinayi lina kudzawatenga kuti akamve injini ya boti lina yomwe inkavuta kugombe. Kanali koyamba kuitanidwa ku ntchito chidwalireni, ndipo anapita akumwetulira. Atangokhota pa ngodya, ndinasonkhanitsa maloboti awiri aja, yosatha ija, mafelemu onse ndi timabuku take. Ndinapita nazo kuseri, pa uvuni womwe timawambira nsomba, n'kuthira parafini. Utsi wake unali wakuda bii, wonunkha moti nkhuku zinathawa. Ndinaona nkhope ya yofiira ija ikusungunuka n'kudontha. Asiyatu anasuzumira pa mpanda n'kunena kuti utsi wotere sutuluka pa chinthu wamba. Ine ndinamva ngati ndapambana nkhondo.

Sindinalekere pomwepo. Ndinakwera minibasi mpaka kuchipatala, n'kulowa m'chipinda cha mafizo muli odwala. Zimene ndinanena kumeneko sindingathe kuzilemba zonse. Ndinawatcha mayi Mhango wolanda amuna a eni, ndinawatcha mfiti yophunzira. Ndinati zidole zawo ndawotcha, akafuna akatenge phulusa. Iwo anali atagwira mwendo wa gogo wina. Anangofunsa motsitsa kuti, "Mwawotcha zonse, ndi yachitatu yomwe?" Alonda ananditulutsa. Pambuyo pake ndinamva kuti akuluakulu awo anawaletsa kuyenderanso odwala m'makomo, kuopa nkhani ngati zimenezi. Choncho si amuna anga okha amene ndinawalanda thandizo.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga ataima kutsogolo kwa kabati, m'manja muli girisi. Anali atathandizadi kukonza injini ija, ndipo anabwera ndi nkhani yoti andiuze. Anandifunsa kamodzi kokha kuti zinthu zawo zili kuti. Ndinawauza zonse, mokweza, ndikuyembekeza kuti achita manyazi. Ndinatchula za malaya oyera, za kugwirana manja, za chidole choyenda chokha. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mayi a Chisomo, chidole chija ndinkachitembenuza ndine. Chili ndi mfundo m'mabondo ndi m'zigongono. Mayi Mhango anandiuza kuti tsiku lililonse ndizichipinda ndi zala zodwalazi. Mukanandifunsa."

Anati malaya oyera ankavala chifukwa anatopa kuoneka ngati wodwala pamaso pa alendo. Anati yachitatu ija ankayithamangira chifukwa tizidutswa take tinali tofanana kukula ndi tomwe timakhala m'kati mwa injini, ndipo anadziuza kuti akayimaliza atsegulanso bokosi la masipanala. Atatero anapita kukasamba m'manja, ndipo nkhaniyo sanayitchulenso.

Ine sindinakhulupirire tsiku lomwelo. Mtima wokayika suchoka msanga. Ndinadikira kuti ndione ngati mayi Mhango aimbe foni kapena kutumiza uthenga mobisa. Ndinafufuza foni ya amuna anga kangapo. Munalibe kanthu, kupatula mauthenga akale owakumbutsa kuti azipumitsa dzanja likatopa, ndiponso oti andipatse moni. Masabata anapita, palibe anabwera, palibe chinachitika. M'nyumba munangoti zii.

Chimene chinachitika n'choti amuna anga anasiya zonse. Kuchipatala anakana kupitako, anati alibe nkhope yoonetsa kumeneko. Ndinawatolera kampira kaja, sanakakhudze. Ndinagula zidole zapulasitiki pa msika wa Kamuzu Road, galimoto ndi ndege, koma zinali zomangidwa kale, panalibe choti munthu alumikize. Anangoziyang'ana n'kupatsa ana a oyandikana nawo. Ndinafunsa m'masitolo a ku Lilongwe za makatoni ngati aja, ena sankadziwa n'komwe chimene ndikunena. Zala zinayamba kupindikira m'kati, choyamba chaching'ono, kenako zinzake. Supuni inabwerera ku dzanja lamanzere. Eni maboti anabwera kawiri katatu, kenako anapeza makaniko wina wa ku Khombedza.

Patatha miyezi isanu ndinadzikakamiza kupita kwa mayi Mhango. Ndinawadikira panja mpaka ataweruka, ndinagwada pa simenti anthu akuona. Anandidzutsa msanga, anati zimenezo n'zosafunika. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanandikalipira. Anandifotokozera kuti munthu akadwala sitiroko, miyezi yoyambirira ndi imene thupi limaphunzira msanga, ndipo ife tinataya yambiri mwa miyezi imeneyo. Anati makatoni aja anali atatu okhawo, mchimwene wawo anamaliza sukulu n'kubwerera kumudzi. Anati ankafuna amuna anga akamaliza, adzaphwasule zidolezo kuti bambo wina wa telala, amenenso dzanja lake linafa, adzayambirepo. Anati tibwere, ayesetsa, koma sangalonjeze.

Tinayambiranso mafizo, ndipo mpaka lero timapita. Dzanja limatseguka pang'ono, koma sipanala silingagwire. Amuna anga sanandithamangitse, sananditukwane, ngakhale kwa abale awo sanakanene. Abale anamva kwa anthu a pamsika. Asiyatu nditamuuza mmene zinathera anangoti iye ankangondichenjeza, wowotcha ndinali ine. Ndipo ananena zoona.

Inu owerenga, makamaka inu amene mukusamalira wodwala, ndikudziwa kutopa kwake. Ndikudziwa mmene zimawawira wina wakunja akabwera kwa ola limodzi n'kulandira kumwetulira komwe inu mwakudikira miyezi. Koma kuwawa kumeneko musakusandutse mlandu. Chinthu mukapanda kuchimvetsa, funsani amene wabwera nacho, funsani amene akuchigwiritsa ntchito. Musakafunse munthu amene sanachionepo n'komwe, chifukwa adzakupatsani mantha ake inu n'kuwatenga ngati nzeru. Ndipo ngati mtima wakutumani kuwononga kanthu, kabiseni kaye m'thumba sabata imodzi. Chobisa mutha kuchibweza, koma chowotcha simungachibweze. Ine funso limodzi lokha, loti kodi chidolechi chimatembenuka bwanji, likanandisiyira mwamuna wogwira ntchito.

Lero m'mawa ndinkawamanga mabatani a malaya kuti tipite ku mafizo. Nditamaliza anati, "Zikomo kwambiri, mayi," mwaulemu wonse, ngati mmene munthu amathokozera mlendo amene wamuthandiza kukwera minibasi. Takhala m'banja zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo umu ndi mmene amandilankhulira tsopano.